Kamtsinje kamodzi, maina atatu: lenileni ndi liti?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa kudera la Lungwena, m'boma la Mangochi. Akuti: "Kwathu kuli kamtsinje kotsika m'mapiri a Namizimu n'kukathira mu Lungwena. Kumtunda amakatchula dzina loyamba ndi Na-, pakamlatho chikwangwani chili ndi dzina loyamba ndi Lu-, pomwe kumadimba timangoti khwawa la Che Uje, malemu amene ankalima pamenepo. Agogo anga akuti kale madziwa sankadutsa pomwe akudutsa lero. Ndikufuna kulemba mbiri yake kuti ana asukulu aziwerenga. Kodi dzina lenileni ndi liti, ndipo gwero lake ndingalipeze bwanji?" Maina atatuwo ndawabisa dala, poti m'kalata yomweyo aphunzitsiwa anena kuti pali mlandu wa malire a dimba umene uli m'manja mwa amfumu, ndipo sindikufuna kuti zolemba zanga zikasanduke mboni kubwalo.

Aphunzitsi, maina atatu onsewo ndi enieni. Amene amafuna kuti mtsinje ukhale ndi dzina limodzi kuyambira kugwero mpaka kumathiriro ndi munthu wa mapu, ngati ine, chifukwa papepala pali kamzere kamodzi kabuluu kofunika kulembapo liwu limodzi. Munthu wa m'mudzi satchula kamzere. Amatchula pomwe amatunga madzi, pomwe amawolokera, pomwe mbuzi zimamwera, pomwe anyamata a kundagala, kuchinamwali cha Ayao, amasamba mbandakucha. Malo amenewa ali ndi eni ake osiyana, ndiye maina nawonso amasiyana. Ndipo pa atatu anuwo, limene muyenera kulifufuza mosamala kwambiri ndi la pachikwangwanilo, ngakhale ndilo looneka ngati la boma.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, Chiyao ndinachiphunzira pantchito, ndipo ndinachiphunzira mochititsa manyazi. Chaka changa choyamba pa ntchito yoyeza malo tinatumidwa kukatsimikiza maina a mitsinje kumbali ya Malindi. Tinafika pakhwawa lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mchenga uli yere, madzi mulibe ndi dontho lomwe. Pansi pa mkuyu panali kamnyamata kakudyetsa mbuzi. Ndinaloza mchengawo n'kufunsa kuti dzina lake ndani. Kanandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, n'kuyankha kuti, "Lusulo." Ndinalemba m'kabuku mwaluso, ndi zilembo zazikuluzikulu. Madzulo, mkulu wina wa kwa Makanjira amene ankatiphikira ataona kabukuko anaseka mpaka kugwetsa mthiko. "Achimwene," anatero, "mwalemba kuti mtsinjewu dzina lake ndi Mtsinje." Lusulo m'Chiyao ndi mtsinje basi, wina uliwonse. Mkuluyo akanapanda kusuzumira m'kabuku muja, bwenzi lero dzinalo lili pa mapu.

Sindinali woyamba. Mu Seputembala 1859 David Livingstone atafika panyanja yathuyi anatola liwu lakuti nyasa, limene m'Chiyao limangotanthauza nyanja, n'kuliyesa dzina. Pofika 1907 dziko lonse linali litatchedwa Nyasaland. Nyanja ya Malombe anailemba kuti Pamalombe: anamva anthu akuti "pa Malombe", ndiye pa- wolozera malo uja anamumatiza kudzina, ndipo mapu akale anayenda nalo choncho zaka zambiri. Mapu aboma a 1:50,000, amene maina a pazikwangwani ambiri amatengedwako, anajambulidwa kuchokera pa zithunzi zotola pandege. Ndege imaona kamzere ka mitengo yobiriwira koma siimva dzina. Maina ankawonjezera ndi anthu oyenda pansi, ndipo anthu oyenda pansi ambiri timayenda mumsewu. Timafunsa amene tamupeza powolokera, dzina la powolokerapo n'kulitambasula kuti likwane mtsinje wonse.

Tiyambe ndi madzi, maina abwera pambuyo.

Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene mapiri a Namizimu amapitirira mamita 1,000, ndipo pakati pa phiri ndi gombe palibe mtunda wautali. N'chifukwa chake mitsinje ya mbali yanuyo ndi yaifupi koma yaukali. Kumtunda kamtsinje kanu kamayenda pamiyala, m'chigwembe chopanikizika, ndipo kumeneko njira yake siisintha ngakhale papite mibadwo khumi, poti mwala suthawa. Kakafika patsinde pa phiri mtsetse umatha mwadzidzidzi. Madzi amene amathamanga atasenza miyala ndi mchenga amafooka, n'kutula katundu wawo pomwepo: miyala ikuluikulu poyamba, kenako nsangalabwi, kenako mchenga, matope n'kukafika kutali kumadimba. Mukayenda m'khwawamo nthawi ya chilimwe mudzaona zimenezi pansi pa mapazi anu, mmene timiyala timacheperachepera mukamatsika.

Apa ndi pamene pali nkhani ya agogo anu, ndipo ine ndikuwakhulupirira ndisanaone n'komwe malowo. Mchenga ukamaunjikana chaka ndi chaka, pansi pa khwawa pamakwera. Pamapeto pake khwawa limakhala pamwamba kuposa minda ya m'mbali mwake, madzi n'kumayenda ngati ali pamzere wa mbatata. Ndiye tsiku lina mu Januwale kapena Febuluwale kumapiri kumagwa chimvula usiku wonse, chigobo cha mtengo chimapingasa pokhota, madzi n'kuboola gombe. Akapeza potsika sabwereranso. M'mawa anthu amadzuka n'kupeza mtsinje uli kuseri kwa mudzi, kumene dzulo kunali chimanga. Zotere sizifuna zaka mazana. Usiku umodzi umakwana, ndipo amene anaona madzi a Januwale 2015 kapena a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuwafotokozera. Koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Njira yakale ija imakhala ikudikira, ndipo chigumula china chikadzabwera chimatha kuitsegulanso, nyumba zimene anthu anamangamo zili momwemo.

Njira yakaleyo mungathe kuipeza. Pitani mu Seputembala kapena Okutobala, tchire litapsa. Yang'anani mzere wa mikuyu ikuluikulu kapena nsangu umene ukukhotakhota pakati pa minda popanda madzi pansi pake. Mitengo imeneyo inamera m'mbali mwa mtsinje umene unasamuka. Yang'anani pomwe bango kapena nsenjere zikumera pamene pena ponse pali pouma. Funsani amayi kumene chitsime chimatulutsa madzi munthu atangokumba kufika m'chiuno, pamene mayadi makumi awiri kuchokera pamenepo amakumba mpaka kumira. Ndipo tengani khasu: mukapyola dothi lakuda n'kupeza mchenga wotsukika ndi timiyala tosalala tozungulira, mwaima pakati pa mtsinje wa agogo anu. Mwala susalala wokha m'munda, umasalala ndi kugubuduzika m'madzi.

Nyanja nayo imakoka ndi kukankha mitsinje imeneyi, ngakhale kanu sikafika kunyanja mwa iko kokha. Nyanja ikaphwa, Lungwena amatalika kutsata madzi, amakumba pansi, ndipo timitsinje tothira mwa iye timakumbanso. Nyanja ikadzaza, monga inachitira mu 1980 ndi mu 2024 pamene malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuno anamira, madzi amabwerera m'mathiriro, mchenga n'kumakhazikika kumtunda. Makolo a agogo anu anaona zoposa pamenepa. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja inatsika moti Shire analeka kutuluka. Mchenga wochokera m'mitsinje ing'onoing'ono yothira mwa iye unatseka njira, bango n'kumerapo, ndipo pa Malombe anthu analimapo minda. Taganizani, timakwawa timene timaderera ndi tomwe tinathandiza kutseka pakamwa mtsinje wa makilomita 402. Choncho agogo akanena kuti "nthawi imene nyanja inali kutali", musawayese kuti akalamba. Afunseni kuti anamva kwa yani, chifukwa mawu amenewo angakupatseni zaka.

Pali china chimene chafulumizitsa kusamuka kwa mitsinje masiku ano, ndipo ndichinena mosapsatira. Nkhalango za Namizimu ndi Mangochi zinatetezedwa ndi boma mu 1924, koma makala, nkhuni zootchera njerwa ndi minda yokwera m'mapiri zadya mbali yaikulu. Phiri lopanda mitengo silisunga mvula. Limaitaya yonse tsiku limodzi pamodzi ndi dothi lake, mu Ogasiti kasupe n'kukhala atauma. Mitsinje imene mpasa, sanjika ndi ntchila zinkakwera kukaswana, anthu n'kumatchera mono, yambiri lero ndi misewu ya mchenga. Ngati limodzi mwa maina anu likutchula nsomba kapena nyama imene kulibenso, dzinalo ndi umboni wa mmene malowo analili.

Za gwero, musayembekezere kukapeza malo amodzi pamene madzi akutumphuka, mbendera n'kuzikapo. Mukamakwera mudzafika pamphambano ya makwawa awiri, kenako ina, kenako ina, ndipo paliponse mudzayenera kusankha. Ife a mapu timatsata nthambi yaitali kuposa zonse, ngakhale ikhale youma miyezi isanu ndi itatu pachaka. A zamadzi amatsata yobweretsa madzi ambiri. Anthu a m'mudzi amaloza kasupe amene saphwa, kawirikawiri pamene pali mitengo ya katope kapena chiwale, ndipo nthawi zina ndi pomwe makolo ankathira nsembe. Ine nditakalamba pantchito ndaona kuti a m'mudziwo ndiwo ali ndi mfundo yogwira mtima, poti mu Okutobala mtsinje umayambadi pamene pali madzi. Koma m'kabuku kanu lembani zonse ziwiri: nthambi yaitali imayambira pakuti, kasupe wosaphwa ali pakuti. Foni yanu ili ndi GPS. Imani pamalopo, lembani manambala. Pitani ndi munthu wodziwa phirilo, ndipo mudutse kaye kwa amfumu ndi kwa a zankhalango.

Mukakwera mpaka pamsana penipeni pa phiri, imani pang'ono, chifukwa pamenepo pali phunziro labwino la ana anu. Mvula yogwa kumadzulo kwa msanawo imatsikira kwanu, kulowa mu Lungwena ndi m'nyanja. Yambiri imauluka ndi dzuwa panyanjapo, yotsala imatuluka ndi Shire, kudutsa pansi pa mlatho wa pa Mangochi Boma, kulowa m'Malombe, kupyola pa Liwonde, kukazunguza makina amagetsi pa Nkula, mpaka mu Zambezi. Yogwa kuseri, kumbali ya Namwera ndi Katuli, imatsata mitsinje ngati Luchimwa kulowa m'Mozambique, kukathira mu Lugenda, kenako mu Rovuma, n'kukafika kunyanja yamchere pamalire a Mozambique ndi Tanzania. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 silinatsate msana umenewu kumbali ino. Linangodula mzere kuchokera pagombe la nyanja kumpoto kwa Makanjira kulunjika ku Chiuta, n'chifukwa chake mitsinje ina imabadwira ku Malawi n'kukakulira ku Mozambique, kumene dzina lomwelo amalilemba m'kalembedwe ka Chipwitikizi.

Tsopano maina. M'dera lanulo muli zilankhulo zosanjikizana ngati dothi la m'dimba. Anyanja anali m'mbali mwa nyanjayi kalekale, akupha nsomba ndi kulima. Ayao anayamba kufika mwaunyinji m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kumapiri a pakati pa Lugenda ndi Rovuma, ndipo mafumu ngati Makanjira, Mponda ndi Jalasi anakhazikika ndi mphamvu ya malonda a kugombe. Pambuyo pake panabwera amishoni ndi atsamunda ndi zolembera zawo. Obwera safafaniza maina onse amene awapeza. Ena amawasunga, ena amawapinda kuti akwane pa lilime lawo, ena amawamasulira, ndipo timakwawa timene analibe nato ntchito amatisiya ndi maina akale. N'chifukwa chake dzina lakale kwambiri kawirikawiri limapulumukira kumtunda, kumene kunkapita osaka nyama, ofula njuchi ndi othira nsembe okha.

Na- uja mumamudziwa kale: ndi yemweyo wa Nabanda ndi Naphiri, wotanthauza mayi kapena mwini wa chinthu, ndipo pa malo amatanthauza pamene pali chakutichakuti. Namizimu ndi kwa mizimu, Nankhwali ndi kwa nkhwali. Koma Na- yekha sakuuzani mtundu wa amene anatcha, chifukwa Anyanja ndi Ayao onse amamugwiritsa ntchito. Mvetserani tsinde la liwulo. Chiyao chenicheni chilibe z, dz, v, ngakhale kh, th ndi ph wa mpweya uja. Ife tikati madzi iwo amati mesi, tikati munthu amati mundu, tikati nkhuku amati nguku. Ndiye ngati dzina la kumtundalo lili ndi malembo oterewa, linatuluka pakamwa pa Mnyanja. Ngati lilibe, musafulumire kunena kuti n'la Chiyao; yesani kulibwezera. Ikani nkh pamene pali ng, ikani z kapena dz pamene pali s, muone ngati silikusanduka dzina la mtengo kapena mbalame imene mukuidziwa m'Chichewa. Maina ambiri amene anthu amati alibe tanthauzo amatseguka choncho.

Lu- ndiye amandisangalatsa kwambiri. Tsatani msewu wa ku Makanjira mumve: Lusalumwe, Lungwena, Lugola. M'Chiyao muli gulu la maina oyamba ndi lu-, ndipo ambiri ndi a zinthu zazitali zowonda: lukongolo ndi mwendo, lulimi ndi lilime, lusulo ndi mtsinje. Kuika lu- patsogolo pa liwu kuli ngati kunena kuti mtsinje wa chakuti. Ngwena m'Chiyao ndi ng'ona, ndiye Lungwena amamveka poyera kuti ndi mtsinje wa ng'ona. M'Chichewa gulu limeneli linasungunukira mu li-, n'chifukwa chake lulimi kwathu ndi lilime, ndipo mitsinje ya kuchigawo chapakati ndi Lilongwe, Linthipe, Lingadzi, Livulezi. Koma chenjerani pawiri. Lu- wa mitsinje sali wa Ayao okha: Luweya ali ku Nkhata Bay, Luangwa ndi Luapula ali ku Zambia, kumene Myao sanatcheko dzina, choncho dzina la Lu- lingakhale lakale kuposa kubwera kwa Ayao. Ndiponso Chiyao chili ndi li- wakewake, monga litumbi, phiri, kotero Lingamasa wothira m'Malombe uja simungamugamule kuti n'wa Chichewa chifukwa cha chiyambi chokha.

Pa chikwangwani chanucho onetsetsaninso chinthu china: kodi dzina la Lu- limenelo n'la kamtsinje kanu, kapena n'la mtsinje wina wapafupi? Ndaonapo kangapo womanga mlatho atawerenga mapu molakwa, dzina la khwawa loyandikana n'kulilemba pa simenti. Pakapita zaka khumi ana onse obadwa pamenepo amakhala akulitchula, madalaivala a kabaza n'kulisandutsa siteji, ndipo palibenso amene angalichotse.

Khwawa la Che Uje ndi dzina la dzulodzuloli, koma musalipeputse. Maina a madera athu ambiri, Mponda, Chowe, Katuli, Chimwala, Makanjira, ndi maina a mafumu, ndiye kuti anayamba ngati maina a anthu. La Che Uje lili ndi ubwino umene enawo alibe: mungathe kuliika zaka. Funsani kuti malemuwo anatsegula dimba liti, kamtsinje kanali kale pamenepo kapena kanawapeza. Ndikukayikira kuti chigawo chakumunsichi chili ndi dzina latsopano chifukwa nachonso n'chatsopano. Madzi atasamuka, njira yatsopanoyo inalibe dzina, anthu n'kuitchula ndi mwini munda umene inang'amba. Zikakhala choncho, dzina lakale la kumunsi mukalipeza likadali pa njira youma ija, pamzere wa mikuyu, likutchulidwa ngati dzina la minda.

Maina amasamukadi, ngakhale akuluakulu. Mangochi poyamba ndi phiri la kufupi ndi Namwera, kumene Jalasi anali ndi linga lake mpaka Angerezi anamugonjetsa mu 1895 n'kumangapo linga lawo, limene makoma ake alipobe. Tauni ya pa Shire inali Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene anamanga linga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda mu 1891. Dziko litalandira ufulu mu 1964 maina a atsamunda anayamba kuchotsedwa, dzina la phiri n'kutsika kudzakhala pa Boma. Ena anakanirira. Cape Maclear ndi dzina limene Livingstone anapereka mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, koma eni ake mudziwo amati Chembe mpaka lero, ndipo maina awiriwo akukhalira limodzi popanda ndewu. Monkey Bay ndi Lusumbwe. Fort Maguire, kwa Makanjira, akusunga dzina la msilikali amene anaphedwa kumeneko mu Disembala 1891. Ngati boma lathunthu likuyenda ndi maina awiriawiri, kamtsinje kanu sikakulakwa kukhala ndi atatu.

Pofufuza m'mapepala akale musamamatire kalembedwe. Azungu ankalemba mmene khutu lawo lamvera: Mlanje, Cholo, Ncheu, Kota Kota, Mangoche, ndipo Jalasi ankamulemba Zarafi. L ndi r ankasinthanitsa mwachisawawa, h wa mpweya ankamusiya. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa atakhazikika m'zaka za m'ma 1970 maina ena anakonzedwa, koma pokonzapo ena a Chiyao anavekedwa malaya a Chichewa. Choncho dzina lililonse lilembeni m'njira zitatu kapena zinayi musananene kuti m'mapepala mulibe.

Mudzamvanso nthano zofotokoza maina, ndipo zidzakhala zokoma. Wina adzati panamira mkamwini, wina adzati ankhondo a Angoni anafuula mawu akutiakuti powoloka. Ife Amalawi timadziwa kupeka maina a mitsinje, si paja tili ndi mtsinje wa Tinkanena umene unakathera mu Siizi? Nthano zambiri zotere zimabadwa dzina lilipo kale, anthu ataiwala tanthauzo lake n'kufuna kulidzaza. Njira yanga yoyesera ndi iyi: dzina lonena za mtengo, nyama, mwala, mtundu wa dothi kapena kakomedwe ka madzi ndimalikhulupirira msanga, chifukwa ndingathe kupita kukaona. Dzina lofuna nkhani yaitali kuti limveke ndimalilemba ngati nthano, pamodzi ndi mudzi wa amene wandiuza. Musazitaye, ana adzazikonda kuposa manambala a GPS, koma muziike pamalo pake.

Ofunika kuwafunsa si amene mukuwaganizira. Mwaulemu mudzayambira kwa amfumu, ndipo n'koyenera. Koma kwanuko ndi kwa chikamwini: amuna ambiri m'mudzimo ndi obwera, anakulira pa mitsinje ina. Amene anabadwira pamenepo, amene amayi awo ndi agogo awo anatunga pa dziwe lomwelo, ndi amayi a mbumba. Pitani nawo kumtsinje, musawafunsire pakhonde. Ine ndinayendapo ndi gogo wina m'khwawa louma, ndodo ili m'manja, ndipo pa mtunda wosakwana kilomita anatchula maina asanu ndi awiri: dziwe la amayi, dziwe la abambo, mwala wochapira, pokumba dongo la mbiya, powolokera maliro. Pakhonde dzulo lake anali atandiuza kuti mtsinjewo uli ndi dzina limodzi. Funso lakuti "dzina lake ndani" limabala yankho limodzi. Funso lakuti "pano mumati pati" limabala ambiri. Funsani m'Chiyao kwa olankhula Chiyao, jambulani mawu pafoni atakulolani, ndipo funsani anthu a midzi itatu, wina asakumva zimene mnzake wanena. Asodzi a kumathiriro a Lungwena, anamkungwi ndi mashehe achikulire nawonso ali ndi maina awoawo a malo.

Mukatha kuyenda ndiye mupite ku mapepala. Mapu a 1:50,000 a dera lanu amapezeka ku ofesi ya Surveys, ndipo ngati mungapeze osindikizidwa zaka zosiyana, ayerekezeni. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku amene ma DC a Fort Johnston ankalembamo za midzi, mafumu ndi malire, ndipo mitsinje imatchulidwa kwambiri mmenemo chifukwa ndiyo inali malire. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre, ili ndi mapu akale. Pa kompyuta, Google Earth ili ndi zithunzi za zaka zam'mbuyo. Kwa zaka makumi awiri zapitazi mungathe kuona ndi maso kamtsinje kakusuntha. A zamadzi anagawa dziko lino m'zigawo 17 potsata kumene madzi amathira, ndipo mitsinje ya kum'mawa kwa nyanja kwanuko ili m'chigawo cha nambala 10; mukapita ku ofesi ya zamadzi pa Boma, kutchula nambala imeneyi kudzakufupikitsirani nkhani.

Za mlandu uja, ndikupemphani kuti kabuku kanu kasalowerere. Makolo akanena kuti malire ndi mtsinje ankanena mtsinje wa tsiku limenelo. Madzi akasamuka, wa tsidya lino amati malire atsata madzi, wa tsidya linalo amati malire atsala pa mikuyu, ndipo aliyense amasankha dzina lomukomera. Kugamula zimenezo ndi ntchito ya amfumu ndi mabwalo a milandu ya malo amene lamulo la 2016 la malo a makolo linakhazikitsa. Inu lembani kuti njira yakale inadutsa apa, yatsopano ikudutsa apa, inasintha chaka chakuti malinga ndi akutiakuti, osawonjezerapo kuti dimba n'la yani. Mukamaliza, kawerengereni amfumu ndi mbali zonse ziwiri musanapereke kwa ana.

Pojambula mapu a m'kabukumo, musalembe dzina limodzi motsata kamzere konse. Lembani la Na- kumtunda pamene limathera, la Lu- pakamlatho, la Che Uje kumadimba, lililonse ndi chilankhulo chake, tanthauzo lake ngati lapezeka, ndi mudzi umene umalitchula. Njira yakale ijambuleni ndi timadontho. Pakafunika dzina limodzi, monga polemba kalata yopempha mlatho ku khonsolo, gwiritsani ntchito la pa mapu aboma kuti a ku ofesi apapeze, enawo n'kuwatchula m'chiganizo chotsatira. Ndipo kumapeto siyani masamba awiri opanda kanthu, mutume ana a Sitandade 7 akafunse agogo awo aakazi maina a maiwe ndi madooko, aliyense abwere ndi limodzi Lolemba.